Funsani za Zoimba: Apache yanga ikumveka ngati ndajambulira m'chidebe

Zikomo akulu. Ine ndine mnyamata wa ku Luchenza konkuno ku Thyolo, ndimaimba gitala ku tchalitchi kwathu. Madala anga akukwanitsa zaka 70 mu Ogasiti muno, agwira ntchito ku esiteti ya tiyi moyo wawo onse, nde kuyambira ndili mwana pali kanyimbo kena kopanda mawu komwe amaimba ndi mluzu akamasita malaya olo akamakonza njinga, ine ndakula ndikungoyesa kuti anapeka okha mpaka chaka chatha mnzanga wina atandimva ndikukang'ung'udza anandiuza kuti imeneyo ndi Apache ya gulu loimba la ku Britain la The Shadows. Ndaganiza zoti ndiijambule ndekha ndikawapatse pa tsiku lawolo. Ndili ndi gitala yamagetsi yooneka ngati Stratocaster koma si yeniyeni, ndinagula ku Limbe yakale kale, laputopu ndi pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio, kebulo ndimalowetsa pa kabowo ka maiki ka laputopu kudzera pa kaadaputa. Vuto ndi loti pansi pa nyimbo pakumveka kulira kwa mmmm kosalekeza, ndikagwira nsambo kukuchepa ndikasiya kukubwerera, komanso ndikakhwatcha nsambo mawu akutuluka mochedwa mu mahedifoni mpaka ndikumasokonekera. Chondiwawa kwambiri ndi choti manotsi onse ndikuimba olondola koma sizikumveka ngati ija ayi, yanga ndi youma yopyapyala ngati ndajambulira m'chidebe. Kodi ndigule ampu? Ndalama ndili nazo zochepa. Ndithandizeni chonde nthawi yatha.

Wowerenga wanu, Luchenza

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kawiri chifukwa yandikhudza, mwana woganizira bambo ake chonchi ndi dalitso. Ampu musagule. Kandalama kanuko kapite ku audio interface, kabokosi kolumikizira gitala kapena maiki ku laputopu, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kabowo ka maiki ka pa laputopu anakapangira timamaiki tolankhulira pa Zoom, osati pickup ya gitala, kachipangizo kokhala pansi pa nsambo kotola kulira kwake. Gitala yamagetsi imafuna polowera pa mtundu wake, pa interface amalembapo INST kapena Hi-Z, ndipo mukailowetsa pena paliponse mawu okwera aja amafota, thupi la sawundi limatha, nde chidebe mukunenacho chimachokera pamenepo. Behringer UM2 kapena UMC22 ndi zotchipirapo, Focusrite Scarlett Solo ndi yabwinoko koma mtengo wake ndi wokwerako, iliyonse mwa izi ikwanira ntchito yanuyi ndipo zonse zimadya moto wa pa USB basi. Funsani m'mashopu a zoimbira ku Limbe ndi ku Blantyre, kapenanso bwerekani kwa anyamata a masitudiyo a m'dera lanu kwa sabata imodzi, ambiri sakana mukawafotokozera nkhani ya bambo.

Kuchedwa kwa mawu kuja nakonso kutha ndi interface yomweyo. Mu FL Studio pitani ku audio settings musankhe driver ya ASIO, kenako tsitsani buffer, muyezo wa mawu omwe laputopu imayamba yasonkhanitsa isanawatulutse, ifike 128 kapena 256. Masamu ake ndi awa, pa 44.1 kHz buffer ya 128 imachedwetsa mawu ndi ma millisecond atatu okha pomwe ya 1024 ndi 23, ndipo popeza mawu amayenera kulowa kenako kutulukanso kuchedwako kumawirikiza, n'chifukwa chake chala chikumatsogola khutu n'kumatsalira. Laputopu ikayamba kuthetheka pa 128 kwezani pang'ono, kapena dinani kabatani ka direct monitor pa interface kuti muzidzimva mwachindunji. Onaninso kuti FL yanu ndi Producer Edition chifukwa Fruity Edition sijambula mawu a kunja, ngati ndi imeneyo tsitsani pulogalamu ina yojambulira yotchedwa Reaper, amakulolani kuyesa masiku 60 ulele.

Tsopano mmmm uja. Magetsi athu kuno amayenda pa 50 Hz ndipo ma pickup a single coil, omwe ali pa gitala yanuyo, amatola kulira kumeneko ngati mlongoti wa wailesi. Zoti kukuchepa mukagwira nsambo zisakudetseni nkhawa, gitala yanu ili bwinobwino, zimatero. Choyamba zulani chaja ya laputopu mujambule pa batire, nthawi zambiri theka la phokosolo limathera pomwepo. Zimitsani babu la m'chipindamo, foni ikhale kutali, musakhale moyang'anizana ndi laputopu pafupi. Kenako valani mahedifoni, kolekani gitala, muzizungulira pang'onopang'ono pampando pomwe mwakhalapo, mupeza mbali ina pomwe kulirako kukuzimirira, pamenepo ikani chizindikiro pansi ndi choko ndipo muzikhala choncho nthawi zonse pojambula. Ine ma take anga oyera kwambiri ndinajambula magetsi atazima dera lonse, laputopu pa batire, kandulo patebulo, m'mahedifoni muli zii ngati kumanda. Nde akazima inu musadandaule, tengani gitala.

Koma funso lanu lenileni ndi lachitatu lija, manotsi olondola koma nyimbo osakhala ija. Apa ndichedwepo.

Apache anaipeka ndi Jerry Lordan, The Shadows anaijambula mu June 1960 ku situdiyo za EMI za ku Abbey Road mu London, ndipo inakhala pa nambala wani ku Britain masabata asanu. Woimba lidi anali Hank Marvin, pa Fender Stratocaster yofiira yomwe Cliff Richard, woimba yemwe The Shadows ankamuimbira zida, anaitanitsa kuchokera ku America mu 1959, kudzera mu ampu ya Vox. Anthu ambiri amathera pa gitala yofiirayo n'kumaganiza kuti chinsinsi chili pamenepo, koma pakati pa gitala ndi ampu panali kamakina ka echo ka ku Italy kotchedwa Meazzi, kamene kamabweza notsi imodzi kangapo motalikirana mosafanana. Mvetserani pomwe Hank akutsamiritsa chikhatho pa nsambo kuti notsi zizituluka zazifupi, mumva kumbuyo kwake tizinotsi tina tikuthamangira ngati mapazi a hatchi, iye sakuimba timeneto, ndi makina aja. Inu mukaimba popanda echo imeneyo zili ngati ndiwo zopanda mchere, zonse mwaikamo koma sizikudyeka.

Pangani chonchi. Jambulani gitala youma yopanda chilichonse, mita isamafike kofiira, izisewera cha m'ma -12 mpaka -6 dB pomwe mwamenya mwamphamvu. Mukatero ikani plugin ya ampu yoyera, yaulere iliyonse yotsanzira Vox, distortion ayi ngakhale pang'ono. Kenako ma delay atatu, omwe ndi ma plugin a echo, pa ma send (tinjira tapambali ta mu mixer) osiyana, Fruity Delay 3 ikwanira, poyambira yesani ina pa 120 ms, ina cha pa 280, ina cha pa 430, feedback yochepa kwambiri, ndipo muchepetse mawu okwera pa zobwererazo kuti zizimveka zofunda ngati za tepi. Manambala amenewa ndi anga oyambira chabe, muzisuntha khutu likuuzeni mukufanizira ndi rekodi yeniyeni. Ubwino wojambula youma ndi woti mukalakwitsa echo simuimbanso, mungotembenuza kabatani. Koma poimba muzidzimva ndi echo m'mahedifoni ngati laputopu ikulola, chifukwa dzanja limaimba mosiyana likamamva notsi ikubwerera, limasiya mpata.

Zina zili m'manja mwanu momwemo. Yesani pickup ya kufupi ndi bridge, pomwe nsambo zamangirira pa thupi la gitala, pick ikhale yolimba, nsambo zatsopano ndipo ngati mungapeze zonenepako ikani zimenezo, zopyapyala zimalira ngati udzudzu pa nyimbo ngati iyi. Kachitsulo kogwedezera kaja, tremolo arm, ngati munakachotsa n'kukaponya mu kabati kafunefuneni lero, kagwireni ndi tizala tiwiri takumapeto uku mukuimba ndipo notsi yayitali iliyonse muziigwedeza pang'ono pokha ngati madzi a mu dambo kukuwomba kamphepo. Ndipo muzichuna gitala musanayambe take iliyonse, magitala otchipa akagwedezedwa amathawa kiyi msanga.

Lidi ikhale yomaliza kujambula. Yambani ndi metronome, pezani liwiro pogogoda tap tempo mukumvera nyimboyo, ikani madiramu, kenako rhythm, kenako besi. Nyimboyi ili mu A minor ndipo chomwe chimaiyendetsa ndi gitala ya bokosi ya Bruce Welch yomwe imakhwatcha pafupifupi nyimbo yonse, Jet Harris ali pa besi, Tony Meehan pa madiramu. Anyamata ambiri amathera sabata pa lidi n'kujambula rhythm mphindi khumi, zotsatira zake nyimbo imatsimphina. Rhythm ipatseni tsiku lake lathunthu. Imeneyi ifuna maiki, nde apa ndi pomwe nyumba zathu zamalata zimavutira, lidi ndi besi mutha kujambula olo kunja kukugwa chimvula chifukwa zimadutsa mu kebulo, koma ya bokosi imatola zonse, chiperoni chikamawaza padenga, njinga za kabaza pamsewu, chigayo, tambala wa aneba. Dikirani usiku cha m'ma 10, imikani matiresi kukhoma, kolekani mabulangete awiri kumbuyo kwanu, maiki iloze pomwe khosi la gitala lakumana ndi thupi pa mtunda wa chikhatho chimodzi ndi theka, osati pabowo penipeni chifukwa pamenepo imangofufuma.

Kugunda kwa ng'oma komwe kumatsegula nyimboyi anamenya ndi Cliff Richard mwiniwake pa ng'oma ya Chitchaina. Inu muli ku Thyolo, kwawo kwa tchopa, musakatenge sample ya pa intaneti ayi, bwerekani ng'oma yeniyeni muiwambe pamoto pang'ono mujambule imeneyo. Dera lomwe linatulutsa Alan Namoko silingasowe ng'oma yolira bwino.

Ndipo chinthu china chomwe ndikupemphani, musanajambule lidi khalani pafupi ndi bambo tsiku lina akusita, muwamvetsere bwinobwino mmene amaimbira mluzu wawo uja. Munthu akasunga nyimbo m'mutu zaka zambiri chonchi imasintha, pena amakoka notsi, pena amadumpha kagawo, pena amabwereza pomwe pamawakomera. Pomwe iwo amakoka inunso kokani. Ya Hank Marvin mutha kuwatsitsira pa foni mphindi imodzi, koma yomwe ili m'mutu mwawomo palibe anaijambulapo.

Mukamaliza kusakaniza mvetserani pa kasipika kamodzi kapena pa kawailesi ka memori khadi komwe bambo amamvera, osati m'mahedifoni mokha, muone ngati lidi ikumveka pamwamba ndipo echo sinaimize. Muzisunga project yanu pafupipafupi ndipo kope ina ikhale pa flash. Mudzatilembere mmene zidzayendere mu Ogasiti, ndikufuna kudzamva.

*

Akulu, ine ndi mng'ono wanga tili ku Chitakale ku Mulanje, iye amaimba gitala ine kiyibodi. Tinajambula Samba Pa Ti ya Santana kunyumba n'kuika pa YouTube, mawa lake tinapeza uthenga wa copyright claim pa vidiyo yathu. Nde tili ndi mantha, kodi atitsekera channel? Zonse tinaimba tokha, palibe chomwe tinatenga pa nyimbo yawo, nde claim ikubwera bwanji? Komanso anthu ena akutipempha kuti tiziwagulitsa pa flash, tingatero?

Mtsikana wa ku Chitakale

Achemwali, mtima m'malo. Claim ndi yosiyana ndi strike. Claim ndi makina a YouTube otchedwa Content ID omwe azindikira kuti nyimboyi ili ndi eni ake, ndipo nthawi zambiri vidiyo imakhalabe pomwepo, kungoti ndalama za malonda zikapezeka zimapita kwa eniwo. Yomwe imaopseza channel ndi strike, zikakwana zitatu amatseka. Tsegulani YouTube Studio muwerenge chomwe alemba, ndipo musatsutse claim imeneyo ponena kuti nyimbo ndi yanu chifukwa si yanu.

Nyimbo iliyonse imakhala ndi umwini pawiri, wa amene anaipeka ndi wa amene anaijambula. Zomwe mwajambula inu ndi mng'ono wanuzo ndi zanu ndithu, koma kapekedwe kake ndi ka Carlos Santana, inatuluka mu 1970 pa chimbale cha Abraxas, ndipo umwini wa wopeka umakhalapo moyo wake onse n'kupitirira zaka zambiri atamwalira. N'chimodzimodzi Apache ya achimwene a ku Luchenza aja, Jerry Lordan anamwalira mu 1995 koma nyimboyo ikadali ndi eni, kupatsa bambo awo kunyumba palibe angawafunse koma kugulitsa ndi nkhani ina. Nde za pa flash zo dikirani kaye, pitani kapena imbani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso kuno kwathu lomwe linayamba mu 1992, muwafotokozere kuti mukufuna kugulitsa cover ya nyimbo yakunja akuuzeni za chilolezo chake. Pansi pa vidiyo yanu lembanipo dzina la nyimbo ndi la wopeka, ndipo mukapita ku COSOMA ko mutengenso nyimbo zanu zomwe mwapeka nokha ngati zilipo mukafunse kalembetsedwe kake.