Sinki ya m'galaja yomwe inatsala pang'ono kundithamangitsa pakhomo

Imelo yafika Lachiwiri kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25, akuti akufuna kuika sinki m'galaja yosambirapo m'manja akamaliza kukonza galimoto, ndiye akufunsa ngati angangolumikiza ku mapaipi a madzi oipa omwe alipo kale. Achimwene, mwandigwira pachilonda.

Ine ndinachitapo zimenezi. Madamu anali atatopa nane, ndikangotuluka pansi pa ka Corolla kanga ndimathamangira pa sinki ya kukhitchini, girisi mpaka pa siponji yotsukira mbale, mpaka tsiku lina anangoti bambo a kuno mupeze kwina kosambira. Ndinagula sinki ya simenti ija yochapira zovala, mnzanga n'kundipezera pulambala. Mkuluyo anabwera ndi hacksaw ndi kachitini ka guluu basi, levulo analibe, inenso mphwayi sindinafunse. Anaona paipi yaikulu ya 110mm yochokera kuchimbudzi ikudutsa kuseri kwa galaja, anaiboola, n'kulowetsamo ka paipi ka 50mm, kumata ndi simenti, ntchito yatha. Trap sanaike. Akuti "bwana, madzi sasochera."

Eya madzi sanasochere, koma sabata isanathe m'galaja munkanunkha ngati mwavundukula sepitiki, usiku mphemvu zikuluzikulu zofiira zija zikutuluka pa kabowo ka sinki ngati zikupita kumsika. Ndinathira mankhwala, kutseka ndi chisanza, ayi ndithu. Trap ija, ka paipi kopindika ngati U pansi pa sinki, si kokongoletsa ayi, mumatsalira madzi okwana masentimita 5 kapena kuposerapo ndipo madzi amenewo ndi amene amatsekereza mpweya wa m'sepitiki kuti usakwere. Popanda iyo mwaikira chimbudzi zenera lachiwiri, lolozera m'nyumba mwanu.

Ndipo ndinene pano, pulambala wobwera opanda levulo musamulole kukhudza khoma lanu, kaya ndi wa kutchalitchi kwanu kaya ndi mlamu. Masiku ano aliyense amene anagwirapo sipanala akudzitcha pulambala, ndipo ifenso tili ndi vuto, timakonda wotchipa kenako n'kudzalipira kawiri. Wanga uja ka paipi anakagoneka fulati, madzi amangoima m'menemo ndi mchenga wa m'manja, kutsika kwake mpaka upite kukamwa tiyi ubwere.

Koma cholakwa chachikulu chinali changa, pamenepa sindinamizira munthu. Trap itaikidwa ndinayamba kutsukira mapatsi pa sinki yomweyo, petulo pang'ono, oyilo wakuda, tsiku lina thinner wotsala popenta geti. Nyumba zambiri mu Lilongwe sizili pa sewer, mapaipi a mzinda onyamula zonyansa aja, kwanga zonse zimathera mu sepitiki kuseri, ndipo sepitiki imagwira ntchito ndi tizilombo tomwe timaoletsa zonyansa. Mankhwala ngati amenewa amapha tizilomboti, oyilo amayandama n'kukamata miyala ya mu soak pit, dzenje lija lolandira madzi ochoka mu sepitiki, madzi osalowanso pansi. Dzinja litafika kuseri kunachita dambo, udzu wobiriwira bwino koma fungo lake aneba anachita kutumiza mwana kudzafunsa ngati kwafa galu. Ndinaitana galimoto yopopa, kenako kukumbitsa soak pit ina, ndalama yake ndikanagula matayala onse anayi.

Ndiye yankho lake

Inde n'zotheka, koma musaboole paipi ya chimbudzi. Yang'anani gully panja, ija imalandira madzi a kukhitchini kapena kubafa, paipi yanu ya 50mm ikathire m'menemo. Trap pansi pa sinki osaiwala, paipi izitsika pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse, ndipo pokhota ikani bend yokhala ndi kachivindikiro kuti ikatsekeka muzitha kulowetsa waya. Musanagule chilichonse yezani kaye, galaja zambiri zimakhala zotsika kuposa nyumba, ngati potulukira pa sinki pali mmunsi kuposa gully madzi sangakwere okha, bola kuikumbira ka soak pit kakekake kutali ndi fawundeshoni. Oyilo yekha azipita m'chigubu, changa ndi cha malita 5 chili kuseri kwa chitseko, madamu anachilemba dzina langa ndi penti.