Inde achemwali, ali nanu ngakhale simukumumva

Achemwali, mwafunsa ngati Mulungu ali nanu ngakhale simukumumva. Inde ali nanu, ndipo Adiventi, nyengo yokonzekera Khrisimasi, sikutanthauza kuti Mulungu anachokapo ndiye tikudikira abwerenso. Alipo kale, nthawi zonse. Dzina lija loti Emanueli pa Mateyu 1:23 tanthauzo lake ndi Mulungu ali nafe, ndipo Mateyu yemweyo pomaliza buku lake, 28:20, Yesu akulonjeza kukhala nafe masiku onse. Onse, osati a Khrisimasi okha.

Nanga tikudikira chani? Ganizirani Maria ali woyembekezera, mwana sanamuone ndi maso koma ali naye, akumumva akusuntha m'mimba. Masabata 4 a Adiventi ndi choncho, n'chifukwa chake ansembe amavala zofiirira ndipo Lamulungu pa Misa sitiimba Ulemu kwa Mulungu mpaka usiku wa Khrisimasi, kudikira kwake ndi kumeneko.

Ineyo chaka chomwe mayi anga anamwalira Adiventi inandipeza mtima uli gwa, kutchalitchi ndinkangopita chifukwa cha ana, korona ndinkaigwira koma mawu osatuluka. Azimayi a ku mphakati ankabwera madzulo, mvula ili pakati, zitenje zitanyowa, kudzangokhala nane pamphasa, wina atanyamula ufa m'kabeseni. Panthawiyo sindinaone kanthu, ndinadzazindikira patapita miyezi kuti Mulungu uja ndinkamufunafuna ankalowa pakhomo panga tsiku lililonse.

Koma poti mwanena kuti tulo sitikubwera ndipo chakudya sichikulowa, zimenezo musangozipempherera. Kacheze ndi bambo mfumu kapena abusa, ndipo zikapitilira masabata awiri pitani kuchipatala mukaonane ndi adokotala, matenda a nkhawa amachizika.