Za wapampando wothamanga ndi msungichuma wofatsa, yankho kwa achemwali anafunsa za sanguine ndi choleric aja

Achemwali, mwanena kuti kusemina ya atsogoleri a achinyamata anakuphunzitsani za mitundu inayi ya zibadwa za anthu, sanguine (wansangala, wochezeka), choleric (wachangu, wokonda kutsogolera), melancholy (woganiza mozama) ndi phlegmatic (wofatsa, wodekha), ndiye mukufunsa ngati zimenezi zili m'Baibulo komanso ngati zingathandize mukomiti mwanumo, pomwe wapampando akuti msungichuma ndi wozizira muuzimu poti salankhula, nayenso msungichuma akuti wapampando ndi wodzimva, amangofuna zake zokha. Ndilemba zambiri ndithu mundipirire, chifukwa nkhani ngati imeneyi yabalalitsa makomiti ambiri, anthu onse okonda Mulungu bwinobwino.

M'Baibulo mulibemo, tiyambe tagwirizana pamenepo. Zinachokera kwa asing'anga akale a Chigiriki, Hippocrates yemwe anakhalapo zaka ngati 400 Yesu asanabadwe, kenako Galen, iwowo ankakhulupirira kuti m'thupi muli timadzi ta mitundu inayi, magazi, ndulu yachikasu, ndulu yakuda ndi makhololo, ndiye tomwe tachuluka mwa munthu ndi tomwe timapanga khalidwe lake. Madokotala anazisiya kalekale zatimadzizi koma mayina aja anatsala. M'matchalitchi zinafala kwambiri chifukwa cha m'busa wa ku America, Tim LaHaye, yemwe analemba za izi mu 1966, ndipo zomwe mumamva kuti Petro anali sanguine, Paulo choleric, Mose melancholy, Abrahamu phlegmatic, nkagawidwe kake iyeyo, si vesi ayi. Palinso zina zija achinyamata amayankha pa intaneti nkupatsidwa zilembo zinayi ngati INFJ, zimenezo ndi Myers-Briggs, mitundu 16, yotsamira pa zomwe katswiri wa zamaganizo Carl Jung analemba mu 1921. Akatswiri a zamaganizo ambiri amazidandaula poti munthu yemweyo akayankhanso patapita masabata angapo nthawi zambiri zilembo zimasintha, komanso anthu ambiri ali pakatikati, sali mbali imodzi yeniyeni.

Nanga ndi zoletsedwa? Ine ndikuti ayi, ndipo zili ndi phindu limodzi lalikulu lomwe ndimaliona, zimatithandiza kusiya kutchula kusiyana kuti tchimo. M'mipingo mwathumu timathamangira kunena kuti wolankhula mokweza, wopemphera mpaka mawu kusasa, ndiye wodzazidwa, wofatsa ndiye wabwerera m'mbuyo kapena ngwonyada. Mipingo ina zimatembenuka, wachangu uja ndiye amatchedwa wopanda ulemu. Konseko tikuyeza uzimu wa munthu ndi chibadwa chake basi.

Tawerengani Machitidwe 15:36-41 modekha. Paulo ndi Barnaba, anthu oti Mzimu Woyera anawapatula limodzi ku Antiokeya, anakangana koopsa mpaka kusiyana chifukwa cha Yohane Marko. Marko anali atawathawa panjira ku Pamfuliya paulendo woyamba, ndiye Paulo akuti sitingamutengenso munthu wotisiya ntchito ili mkati, Barnaba akuti timutenge. Mukawaonetsetsa aliyense anachita monga analili kuyambira kale. Barnaba dzina lenileni anali Yosefe, atumwi ndi omwe anamutcha Barnaba chifukwa anali wolimbikitsa anzake, ndipo ndi yemweyu anamugwira dzanja Paulo nkupita naye kwa atumwi nthawi yomwe onse ankamuopa, Machitidwe 9:27. Iyeyu maso ake amagwera pa munthu. Paulo maso ake ali pa ntchito, ulendo ndi wautali, kuli miyala kuli ndende, sakufuna wina wobwereranso panjira. Luka polemba sanatiuze kuti wolakwa ndi uyu. Barnaba anatenga Marko kupita ku Kupro, Paulo anatenga Sila, ndipo patapita zaka Paulo yemweyo akulembera Timoteo kuti ubwere naye Marko chifukwa amandithandiza pa utumiki, 2 Timoteo 4:11. Ine ndimakhulupirira kuti pakanapanda kuuma mtima kwa Barnaba pa mnyamata uja mawu amenewa sakanalembedwa, komanso pakanapanda liwiro la Paulo uthenga sukanafika msanga ku Filipi ndi ku Tesalonika. Wapampando wanu ndi msungichuma wanu ali pamenepa.

Ndikuuona msonkhano wanuwo ngakhale sindinakhalepo. Mwatsala m'tchalitchi mapemphero atatha, mabenchi awiri mwawayang'anitsana, wapampando wayimirira akuti tipange msonkhano wachitsitsimutso mwezi wamawa, tibwereke zokuzira mawu, tiitane kwaya zitatu, Mulungu apereka. Msungichuma wakhala kumapeto ndi kabuku kake, marisiti wawapinda mukajumbo, akuwonkhetsa chamumtima thiransipoti, mafuta a jenereta, chakudya cha alendo, akuona kuti sizikukwana koma asanapeze poyambira wapampando wafunsa kale kuti tagwirizana eti, onse eee, pemphero lotsekera. Lachitatu wapampando akufuna ndalama, msungichuma akuti kulibe, ndiye mawu aja amatuluka, mulibe chikhulupiriro inu. Chonsecho wina amaganiza akulankhula, winayo amayamba waganiza kaye payekha mwina mpaka mawa lake ndiye alankhule.

Zoti muchite inu ngati mlembi zilipo ndipo nzosavuta. Tumizani mfundo zokambirana pa WhatsApp kudakali tsiku limodzi kapena awiri, ofatsa aja abwera atakonzeka. Mupempheni wapampando, mwaulemu komanso pambali osati pagulu, kuti maganizo ake azinena pomaliza, chifukwa akangoyamba iye ena onse amangovomera. Nkhani iliyonse yokhudza ndalama isatsekedwe msungichuma asananene zomwe zili m'thumba. Koma msungichumanso ali ndi mbali yake, aphunzire kunena pamsonkhano pomwepo kuti ndipatseni mpaka Lachiwiri ndiwerengere, osati kuvomera ndi mutu kenako nkumakakoka miyendo kuseri, zimenezo zimapweteka mnzake ndipo sizikhala bwino pongoti munthuyo ndi phlegmatic.

Apa ndiye pomwe ndimachenjeza kwambiri. Anthu akangochoka kusemina amayamba kuti ine ndine choleric ndi mmene ndinabadwira, uku akukalipira ana a Sande sukulu mpaka kulira. Wina ndine sanguine, ndiye kuchedwa pulakatisi ya kwaya sabata iliyonse, malonjezo osakwaniritsa. Ayi. Agalatiya 5:22-23 sinagawe kuti chifatso ndi cha awa, chimwemwe cha awo, kuleza mtima ndi kudziletsa ndi za Mkhristu aliyense, kungoti wina chimamuvuta ichi wina icho. Mose yemwe amamuika mu melancholy uja anapha Mwiigupto ndi mkwiyo pa Eksodo 2, pa Numeri 12:3 akutchedwa wofatsa kuposa anthu onse, pa Numeri 20 akumenyanso thanthwe atakwiya. Munthu mmodzi yemweyo, ndiye mumuika gulu liti? Nchifukwa chake sindigwirizana ndi zoti muyankhitse komiti yonse mafunso kenako mugawe maudindo potengera zotsatirazo, kuti iwe ndiwe melancholy khala ku ndalama, iwe sanguine gwira maikolofoni. Mutsekera anthu khomo. Alipo alaliki abwino zedi oti akatsika paguwa salankhula ndi pang'ono pomwe.

China chomwe mabuku a ku America aja sangakuuzeni, kwathu kuno kukhala chete nthawi zambiri si chibadwa, ndi ulemu. Mtsikana yemwe amasekesa anzake onse ku kwaya akhoza kukhala duu pamsonkhano chifukwa pali akulu ampingo kapena abusa, ndipo analeredwa kuti wamkulu sayankhidwa pagulu. Wina ali chete poti sanapereke ya mwezi uno akuchita manyazi, wina kunyumba kuli matenda, wina munamuchititsa manyazi chaka chatha sanaiwale. Mukangomumata dzina loti introvert, kutanthauza wachibadwa chokonda kukhala chete payekha, mwaphonya zonsezi. Pa 1 Atesalonika 5:14 Paulo akuti aulesi muwachenjeze, amantha muwalimbikitse, ofooka muwathandize, ndipo onse muwalezere mtima. Anthu atatu onsewa kunja amaoneka chimodzimodzi, sakugwira ntchito, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndiye simungadziwe mpaka mutakhala naye pansi nokha. Musatume munthu, kandimverere anakanena za m'maluwa.

Muonenso pamaliro mmene mpingo umafunira onse. Pamafunika wina wa mawu woyambitsa nyimbo usiku wonse, wina wothamanga kukasaka galimoto ndi nkhuni, wina wolemba chipepeso mukope osaphonya ngakhale K500, ndi mayi wina yemwe amangokhala pamphasa pafupi ndi namfedwa osanena kanthu, ndipo sabata yotsatira anthu onse atabalalika iyeyo amabweranso ndi kandowa ka madzi. Pa malipoti timatchula oyamba aja, womalizayu sitimutchula kawirikawiri. Andreya anali wotero, sitimva ulaliki wake koma ndi amene anabweretsa Petro kwa Yesu, ndi amenenso anaona kamnyamata ka mikate isanu ndi nsomba ziwiri pa Yohane 6.

Chomaliza achemwali, ndipo ichi musachidumphe. Musanagamule kuti vuto ndi kusiyana zibadwa, funsani msungichumayo panokha ngati pali ndalama zomwe zinatuluka popanda risiti kapena popanda komiti kuvomereza. Nthawi zina munthu amazizira chifukwa akuuzidwa kusainira zinthu zomwe sakugwirizana nazo ndipo akuopa kunena. Zikakhala choncho nkhaniyo si ya choleric ndi phlegmatic, itengereni kwa mkulu wampingo woyang'anira achinyamata, mabuku awerengedwe onse awiri alipo. Zikakhala kuti mabuku ali bwino, yambani ndi zotumiza mfundo pa WhatsApp zija msonkhano ukubwerawu, ndipo wapampandoyo mukambe naye lisanafike Lamulungu.