Kompyuta ingakonzedi nsagwada ya bambo anu?

Mayi wina wa ku Santhe, ku Kasungu, wandilembera imelo. Bambo ake anakawotchedwa khansa ya m'kamwa ndi cheza cha makina a kuchipatala ku India. Chaka chatha anazulitsa dzino, koma chilonda sichikupola: fupa lili poyera, mafinya akutuluka, akungodya phala. Madokotala akuti nsagwada idulidwe, ndipo opaleshoniyo ayamba aikonza pa kompyuta. Mayiwa akufunsa ngati ndi zoona kapena ndi njira yongokwezera mtengo.

Ndi zoona, mayi. Matendawa dzina lake ndi osteoradionecrosis. Cheza chomwe chinapha khansa chinaumitsanso timitsempha todyetsa fupa, ndiye dzino litazulidwa panalibe magazi okwanira opoletsa bala. Kawirikawiri amagwira nsagwada ya m'munsi, makamaka cheza chikapitirira 60 Gy (Gy ndi muyezo wa kuchuluka kwa cheza chomwe wodwala walandira).

Fupa lakufalo amalichotsa, n'kuikapo lina lochokera kumwendo, lowonda lija la fibula, pamodzi ndi mitsempha yake. Dokotala David Hidalgo ndi amene anaonetsa njirayi mu 1989. Munthu amayendabe, poti cholemera cha thupi chimasenzedwa ndi fupa lalikulu la msongolo. Vuto ndi lakuti fibula ndi yowongoka pomwe nsagwada ndi yokhota. Kale dokotala ankayerekeza ndi maso wodwala ali chigonere. Pano amajambula CT (chithunzi choonetsa m'kati mwa thupi) ya nsagwada ndi ya mwendo, n'kudula mafupawo pa kompyuta masiku angapo opaleshoni isanachitike. Kenako makina a 3D amapanga tizipangizo toika pafupa, tokhala ndi mpata woti sowo idutse penipeni pomwe anagwirizana. Chitsulo cha titanium chogwira zidutswazo chimabweranso chopindapinda kale. Nthawi ya m'fiyeta imachepa, mano apansi ndi apamwamba n'kumakumana bwino.

Koma musaiike mtima wonse kompyutayo. Pa chithunzi cha CT, malire a fupa lamoyo ndi lakufa saoneka bwino, ndipo matendawa amatha kukwawa pomwe mukudikira zipangizo. Dokotala wodziwa ntchito amadula mpaka aone fupa likuchucha magazi, ngakhale zitasemphana ndi pulani. Palinso khosi: cheza chimalimbitsa mnofu ngati chikopa chouma, kotero kupeza m'khosimo mtsempha wabwino wolumikizapo mitsempha ya fupa latsopanolo ndi ntchito ya manja ndi maikulosikopu. Apa ndi pomwe opaleshoni imatheka kapena kukanika.

Ndiye mukakakumana ndi madokotalawo, afunseni kuti CT ajambula liti ndipo opaleshoni ichitika patapita masabata angati, komanso kuti achita chiyani akapeza fupa lakufa ndi lalitali kuposa pa pulani. Funsaninso kuti amapanga maopaleshoni angati a mtunduwu pachaka. Musachite nalo manyazi funso limeneli.

Pakadali pano, ngati bambo amasuta kapena kudya chingambwe, asiyiretu. Ndikudziwa kuti kwathu ku Kasungu fodya sasowa pakhomo, koma amapanikiza mitsempha yomweyo tikuifunayi. Dzino lina likawawa asazulitse mwachisawawa. Apite kwa a mano ku Kamuzu Central ku Lilongwe, atanyamula mapepala onse a ku India osonyeza kuchuluka kwa cheza ndi mbali imene anawotcha.