Chifukwa chimene Pac-12 inapasukira

Mwafunsa chimene chinapasula Pac-12, bungwe la mayunivesite akumadzulo kwa America opikisana pa mpira wachimereka, komanso sukulu zimene zingasamukire ku mabungwe ena m'tsogolomu. Gwero lake ndi ndalama za pa TV. Mu 2022, mayunivesite a USC ndi UCLA atalengeza zochoka mu Pac-12 kupita ku bungwe lina la Big Ten, limene linagwirizana ndi makampani a TV a Fox, CBS ndi NBC pa ndalama zokwana madola 7 biliyoni, Pac-12 inasowa wogula ufulu woonetsa masewera ake pa TV pa mtengo wokhutiritsa, moti pofika 2024 munangotsala Oregon State ndi Washington State. Yunivesite ya Stanford, ya ku California, inathawira ku ACC, bungwe la mayunivesite akum'mawa kwa America, ndipo osewera ake tsopano amauluka maola ambiri kukasewera kugombe la Atlantic.

Kwa ine, muziyang'anitsitsa Florida State ndi Clemson, zimene zinasumira ACC pofuna njira yotulukira m'bungwelo, ngakhale kuti mlanduwo anaukambirana n'kuuthetsa mu 2025.