Tanthauzo la switchboard

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake m'maofesi ena kuno ku Mangochi amakuuzani kuti "imbani ku switchboard". Dzinali ndi lakale. Poyamba linali bolodi la mabowo ambirimbiri, bowo lililonse loimira lamya imodzi. Mukaimba, opareta, munthu wogwira ntchito pa bolodilo, ankafunsa amene mukumufuna, n'kutenga chingwe cha mitu iwiri, mutu wina m'bowo lanu, wina m'bowo la mnzanuyo. Mukamaliza kulankhula, ankachizula. Ntchitoyi ine ndimailemekeza, chifukwa inkafuna changu ndi kusunga chinsinsi. Bolodi loyamba lotumikira anthu olipira linatsegulidwa ku New Haven, ku America, mu 1878.

Lero makina amalumikiza okha, koma dzinalo linatsalira pa nambala yaikulu ya ofesi. Amisiri a magetsi nawonso amatchula bolodi lawo choncho, ndiye musasokoneze.