Kuwerenga papepala kapena kuloweza? Yankho kwa achemwali a ku Thekerani

Achemwali ena a ku Thekerani anditumizira imelo. Asankhidwa kukhala mlimi wachitsanzo, ndipo Loweruka akalankhula pabwalo la a gulupu za matenda a chisaka m'nthochi. Akufunsa ngati alembe zonse n'kukawerenga, kapena aloweze pamtima.

Funsoli landikhudza chifukwa ine ndinalowezapo. Ndinali ndi zaka 23, ndikuphunzitsa pasukulu ina cha ku Masambanjati, ndipo anandipatsa mpata wofotokozera makolo za kolera. Masiku atatu ndinkabwereza mawu usiku ndili pamphasa, koloboyi ali pambali. Tsikulo, nditangomaliza kupereka ulemu kwa mafumu, mwana analira kumbuyo, chiganizo chachitatu n'kundithawa. Zoloweza zili ngati mikanda pa ulusi, umodzi ukapulumuka yonse imamwazika. Anandipulumutsa ndi agogo ena amene anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga madzi a pachitsime tiziwatani?" Apo m'pamene ndinayamba kulankhula ngati munthu, za kuwiritsa madzi ndi kusamba m'manja ndi sopo, ndipo anthu anatchera khutu.

Kuwerenga ndiye sindifuna n'kumva komwe. Ndaona akuluakulu ambiri atakwirira nkhope m'pepala, Chichewa chake chopangidwira mu ofesi, amayi kumbuyo atayamba kale nkhani zawo. Pepala ndi la pawailesi, kumene palibe amene akukuyang'anani. Pabwalo ayi. Chinanso chimandiwawa: timatha mphindi 10 kulonjera mafumu, a khansala, a komiti, uthenga weniweni n'kuupatsa mphindi ziwiri, anthu atapsa kale ndi dzuwa. Ulemu perekani, koma mwachidule.

Chisaka si nkhani yamasewera. Thyolo ankadziwika ndi nthochi, malole ankanyamuka atadzaza kupita ku Limbe, koma matendawa anatha minda yambiri, mabanja n'kusowa fizi. Munthu amene mukumuuza kuti azule phata lonse limene anabzala bambo ake akumva kuwawa. Ameneyo simungamuwerengere pepala, muyenera kumuyang'ana m'maso.

Ndiye mutani Lowerukalo?

Lembani mfundo zitatu pakapepala kokwana m'dzanja: nsabwe zimene zimafalitsa matendawa, kuzula phata lonse lodwala, ndi kubzala mphukira zopanda matenda zimene alangizi avomereza. Yeserani kawiri pamaso pa anansi, mawu asinthe momwe angasinthire. Ngati pafupi pali munda wodwala, msonkhano ukathere kumeneko, anthu akaone okha masamba ang'onoang'ono othinana kunsonga, ndipo muwasiye afunse.